Mwendo wa Apongozi Anga

1

Mukafika kwathu kuno kwa Kaluluma n'kufunsa kuti mkamwini wabwino amaoneka bwanji, anthu akulozerani ine. Sindikudzitama ayi. Azimayi akamakalipira amuna a ana awo amatchula dzina langa: "Inu kumangogona, simukumuona Levison wa kwa a Mphepo?" Pali akamwini ena m'mudzi muno amene amandida chifukwa cha zimenezi, ndipo ndimawamvetsa.

Ndine amene ndinabereka apongozi anga kumsana kuchokera kudambo mpaka kumsewu, makilomita atatu, magazi awo akuyenderera m'miyendo mwanga. Zimenezo ndi zoona. Ndinawaberekadi, ndipo anali olemera.

Makolo anga anachokera ku Phalombe ndili wamng'ono, kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya. Ndinakulira m'chigafa, manja ali bii ndi utomoni wa masamba. Sukulu ndinalekeza Folomu 2. Chimene ndinali nacho chokha ndi mawu oimbira, ndipo kukwaya ya kutchalitchi n'kumene ndinakumana ndi Feliya.

Feliya anali mwana wamkazi yekhayo wa a Aloysius Mphepo. Bambowa anagwira ntchito yolondera nyama zakutchire zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo atapuma anabwerera kumudzi n'kugula mfuti yawoyawo, ya chiphaso, yoti aziphera nguluwe zowononga chimanga. M'dera lonse lino panalibe munthu wosamala mfuti ngati iwo. Panalibenso munthu wotopetsa ngati iwo akayamba kukamba za mfutiyo.

"Mfuti iliyonse uziyitenga kuti ili ndi chipolopolo, ngakhale wachichotsa wekha," ankatero, pamaliro, pachitsime, ngakhale pamzere wa feteleza. "Kukamwa kwake kuziyang'ana pansi. Chala chisalowe pokhethemulira mpaka nyama waiona bwinobwino, ndi zimene zili kuseri kwake wazionanso. Ukafika pampanda, pachigwembe, pamtsinje, chotsa chipolopolo kaye."

Anyamata ankawaseka. Ankati nguluwe za kwa Kaluluma n'zonenepa chifukwa pamene a Mphepo azimaliza kuyang'ana mfuti yawo, izo zimakhala zafika kale ku Mzimba. Koma onse ankadziwa kuti m'zaka zonsezo mfuti ya a Mphepo inali isanalirepo mwangozi ngakhale kamodzi. Chimenechi ndiye chinali chuma chawo. Ena amanyadira ng'ombe, iwo ankanyadira zimenezi.

2

Nditatumiza amalume anga kukafunsira mbeta, anabwerako msanga kuposa momwe anapitira.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti mwana wa tenanti alibe munda kuno, alibe manda kuno. Akuti fodya akadzavuta udzakwera lole n'kubwerera kwanu, mwana wawo n'kutsala ndi ana."

"Munawauza kuti sindimwa mowa?"

"Ndinawauza. Akuti mbuzi nayonso simwa mowa."

Lamulungu lotsatira, titaweruka kukwaya, Feliya anandikokera kuseri kwa tchalitchi. Maso ake anali otupa, koma mutu unali ukugwira ntchito.

"Bambo sakhulupirira mawu," anatero. "Amakhulupirira munthu amene ayenda naye kutchire. Chichokereni achimwene a Grey kupita ku Lilongwe, alibe wowanyamulira chikwama. Nguluwe zalowa m'chimanga cha kudambo. Upite ukadzipereke."

"Mfuti sindinaigwirepo ine."

"N'chifukwa chake angakulole. Amadana ndi anthu odziwadziwa. Iwe uzingoti inde bambo, inde bambo. Osachita china chilichonse chimene sanakuuze. Wamva?"

"Ndamva."

Anandigwira khutu ngati mwana wa Sitandade 1. "Levison, ndimakudziwa. Umakonda kuoneka. Tsiku limeneli usafune kuoneka."

Ndinaseka, n'kulumbira. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo ndinkaganiza kuti kulumbira ndi kuchita n'chimodzimodzi.

A Mphepo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzala zakumiyendo, ngati ogula fodya akamafunafuna chifukwa chobwezera belo. Kenaka anati, "Lachitatu, m'mamawa. Uvale nsapato, osati zimenezo."

3

Unali mwezi wa Malichi, mvula ikupita kumapeto, udzu utatalika mpaka m'chiuno. Tinanyamuka dzuwa likungosuzumira. Iwo patsogolo ndi mfuti, ine pambuyo ndi chikwama cha zipolopolo, madzi ndi mpeni.

Titadutsa nyumba yomaliza anaima, nanditulutsitsa chipolopolo chimodzi m'chikwama. Anakoka chitsulo cha pamwamba pa mfuti, n'kuchilowetsa, n'kutseka. Ndinayang'anitsitsa. Zinali zophweka kuposa kusoka fodya.

"Pakati pa nyumba za anthu siyenda ndi chipolopolo," anatero. "Panjinga siyenda ndi chipolopolo. Iwe uziyenda kumbuyo kwanga, chakumanja. Ine kukamwa kwa mfuti ndalozetsa kumanzere, pansi. Ndikagwa, iwombe dothi, osati iwe. Ngakhale kuti dothilo n'laphindu kuposa iwe."

"Inde bambo."

Tinayenda m'mphepete mwa minda ya fodya, masamba akumunsi atayamba kale chikasu. Pampanda wa minga wa dimba lina anaima, n'kuchotsa chipolopolo, n'kuchiyika m'thumba la malaya, n'kudutsa, n'kuchibwezera. Pamtengo wogwa anachitanso chimodzimodzi. Ndinayamba kuwamvetsa anyamata aja.

M'chimanga cha kudambo tinapeza mapesi atagwa, zisononkho zitatafunidwa, mapazi a nguluwe ali mbwee kulowera kuchigwembe. Chigwembecho chinali chakuya kuposa msinkhu wa munthu, madzi akusokosera pansi pake.

Apa m'pamene anayamba za Feliya.

"Ukuganiza kuti sindikudziwa chimene wabwerera?" anatero, osandiyang'ana. "Ukuganiza kuti kunyamula chikwama tsiku limodzi ndiye wagula mwana wanga? Ndamuphunzitsa mpaka Folomu 4 ine. Alipo mphunzitsi akumufuna, munthu wa nyumba ya malata."

Anaima m'mphepete mwa chigwembe, manja akugwiragwira mfuti, pakamwa pakutuluka moto. Mitsempha ya m'khosi inaima. Anatchula makolo anga, anatchula Phalombe, anatchula ndi nsapato zanga zomwe. Kenaka anandipatsa mfuti kuti ndigwire, iwo n'kuyamba kutsetsereka, akulankhulabe.

Atafika pansi anatembenuka n'kukweza dzanja. "Ndipatse."

Ndinawerama. Dothi lonyowa linagumuka pansi pa phazi langa.

Mfuti inalira.

4

Sindidzaiwala kuti sanakuwe. Anangokhala pansi m'madzi, ngati munthu watopa, n'kumayang'ana mwendo wawo wakumanzere. M'munsi mwa bondo munalibenso choti n'kuchitchula mwendo.

Ndinadumphira m'chigwembemo. Ndinawavula malaya, ndinang'amba, ndinamanga pamwamba pa bondo mwamphamvu. Ndinawakweza kumsana. Momwe ndinatulukira m'chigwembe muja sindidziwa mpaka lero.

Njira yonse ankangonong'ona m'khutu mwanga. "Ndinachotsa. Kodi sindinachotse? Levison, ndinachotsa?"

"Musalankhule, bambo. Sungani mphamvu."

Kumsewu tinapeza galimoto yonyamula nkhuni za fodya, ndipo inatitengera kuchipatala cha ku Boma. Madokotala anati tikadachedwa theka la ola, tikadabwera ndi maliro. Anati amene anamanga mwendowo anapulumutsa moyo. Mwendo wokhawo sanathe kuupulumutsa. Anaudula m'munsi mwa bondo.

Tsiku lachitatu, atatsitsimuka bwino, chinthu choyamba chimene anapempha sichinali madzi.

"Malaya anga aja ali kuti?"

Apongozi anga aakazi anali atasunga nsanzazo m'jumbo. A Mphepo anazifunyulula okha mpaka anapeza thumba. Analowetsa zala. Analitembenuza. Munalibe kanthu.

Anagona chagada n'kuyang'ana kudenga.

"Ndikachotsa chipolopolo chimalowa m'thumba ili," anatero. "Zaka zonsezi. Ngati mulibe, ndiye kuti sindinachotse. Ndinali ndi mkwiyo. Ndinamupatsa mwana wa eni mfuti yodzaza."

Wapolisi atabwera kudzalemba, anandiyang'ana ine ndi diso lokayikira. Nkhani yakuti a Mphepo anandikana inali itamveka kale.

"Mnyamatayu ndi amene anagwira mfuti?"

"Musiyeni," anatero a Mphepo. "Sanagwirepo mfuti chibadwire. Wolakwa ndi amene anamupatsa. Lembani dzina langa. Ndipo mfutiyo mukaitenge, chiphaso chomwe. Sindidzaigwiranso."

Wapolisi atatuluka anandiitana pafupi ndi bedi. Aka kanali koyamba kundilankhula mwaulemu.

"Ndinakunyozani njira yonse, inu n'kundibereka njira yonse. Muwauze amalume anu abwerenso."

Ndinalira. Onse amene anali m'chipindamo anati taonani mtima wa mwanayu.

5

Ukwati wathu unali wa mu Okutobala. A Mphepo analowa m'tchalitchi ndi ndodo ziwiri, atakana kuti wina awagwirize, n'kumupereka Feliya m'manja mwanga. Anatipatsa malo omanga nyumba kuseri kwa yawo, ndi munda wa fodya wa maekala atatu. Mwana wa tenanti uja ndinayamba kulemba aganyu.

Bala linapola. Chimene sichinapole ndi china.

Anayamba ndi zitseko. Akatseka khola la mbuzi, ankayenda pang'ono n'kubwerera kukaona. Kenaka kubwereranso. Munthu wa mwendo umodzi, maulendo atatu kukhola. Mankhwala awo a magazi anasiya kumwa okha, ankadikira kuti akazi awo awawerengere m'manja. Usungichuma wa kumphakati, umene anaugwira zaka khumi, anautula.

"Mutu wanga ndi wosadalirika," anauza anthu. "Umachita zinthu n'kundibisira."

Anthu anavomereza msanga. Munthu akanena yekha kuti mutu wake wayamba kutha, anzake sachedwa kupeza umboni. Akaiwala dzina la mdzukulu wa mnansi, azimayi ankakodolana. Akafunsa tsiku, ankati mwaonatu. A Grey atabwera kuchokera ku Lilongwe anaitanitsa banja lonse, n'kugamula kuti za minda, za mbewu, za kugulitsa fodya, azilamula ndi alamu awo, ine. Bambo azipuma.

A Mphepo anangogwedeza mutu. "Mwachita bwino. Mkamwiniyu saiwala."

Pamisonkhano ya kalabu ya alimi, nkhani ya nguluwe ikabuka, ankaimirira ndi ndodo zawo, n'kupinda buluku kuti onse aone.

"Ine ndinaiwala kamodzi kokha," ankatero. "Kamodzi, m'zaka makumi atatu ndi kanthu."

Anyamata amene ankawaseka aja anasiya kuseka. Akuti awiri mwa iwo anayamba kuchotsa zipolopolo pampanda uliwonse. Nthawi imeneyo ine ndinkakhala kumbuyo, ndikuwerenga mitengo ya kudenga.

Chaka chachiwiri Feliya anabereka mwana wamwamuna, Lonjezo. Tsiku lotuluka m'chikuta anamutenga, atamukulunga m'nsalu yatsopano, n'kugwada pamaso pa bambo ake pakhonde.

"Bambo, landirani mdzukulu wanu."

Anatambasula manja. Kenaka anawabweza, n'kuwapinda m'khwapa.

"Ayi, mwana wanga. Ndimuonere pomwepo."

"Bambo, mwakhala pansi. Sangagwe."

"Munthu amene anaiwala chipolopolo mu mfuti angaiwale kuti wanyamula mwana. Ndimuonere pomwepo."

Anamuyang'ana mwanayo ngati munthu wanjala akuyang'ana chakudya cha eni. Feliya analira. Ine ndinazungulira kuseri kwa chigafa n'kusanza.

6

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinadumpha muja.

A Mphepo anachotsa chipolopolo. Pakamwa pankatukwana, koma manja ankagwira ntchito yawo monga mwa masiku onse. Anakoka chitsulo, chipolopolo chinatuluka, anachiponya m'thumba la malaya, anandipatsa mfuti ili yotsekula. Ndinaona ndi maso angawa. Iwo sanakumbukire chifukwa munthu sakumbukira chinthu chimene manja ake anazolowera, monga inu simungakumbukire phazi limene munayambira kuponda potuluka m'nyumba lero.

Akutsetsereka, atandifulatira, ndinaona udzu ukugwedezeka kutsidya. Nguluwe yaikulu, yofiirira, itaima poyera, kufupi moti ndinkaona makutu ake.

M'mutu mwanga munabwera chithunzi. Ine ndikulowa m'mudzi, nguluwe pamtengo, Feliya akululutira, mdalayu akumeza mawu ake onse a mphunzitsi ndi nyumba ya malata. Chikwama chinali paphewa panga. Ndinatulutsa chipolopolo, ndinalowetsa, ndinatseka monga ndinaonera m'mawa muja. Madzi ankasokosera, iwo ankalankhula, sanamve kanthu. Pamene ndinkakweza mfuti, nguluwe inali itapita.

Ndiye anatembenuka. "Ndipatse."

Ndikadangonena mawu ochepa: bambo, dikirani, ndalowetsa chipolopolo. Akadanditukwana, akadandithamangitsa, Feliya ndikadamutaya. Ndinaganiza kuti ndiwapatse msanga, mwina saona, mwina ndipeza bodza kutsogoloku. Ndinawerama, kukamwa kwa mfuti kukuloza kwa iwo, chala changa chikadali pokhethemulira.

Mpaka apa mukhoza kunena kuti unali uchitsiru wa mnyamata. Chimene chikubwerachi si uchitsiru.

Pamene ndinkawavula malaya m'madzi muja, dzanja langa linakhudza chinthu cholimba m'thumba. Iwo maso anali pamwendo. Magazi ankatuluka ngati pampopi. Ndipo ine, pa nthawi imeneyo, munthu akufa pamaso panga, ndinapeza mpata woganiza. Ndinatulutsa chipolopolo chija, ndinachiponya m'madzi. Kenaka ndinamanga mwendo.

Mwendo ndinawadula mwangozi. Mutu wawo ndinawalanda mwadala.

Sabata imene anakana kunyamula Lonjezo ndinapita kukalapa. Bambo mfumu anandimvetsera kuseri kwa nsalu mpaka ndinamaliza.

"Mulungu wamva," anatero. "Koma amene akufunika kumva si Mulungu yekha. Pita ukamubwezere munthuyo nzeru zake."

7

Ndinasankha masana, nyengo yosoka fodya. Tinali m'chigafa: a Mphepo pampando wawo akusoka masamba, ntchito yokhayo imene ankadzikhulupirira nayo, apongozi aakazi pambali pawo, Feliya ali ndi mwana kumsana. Ndinagwada pafumbi n'kunena zonse. Nguluwe, chikwama, chala, thumba. Sindinasiye kanthu.

Kenaka a Mphepo anayika singano pansi, misozi ikutsika.

"Amayi a Grey, mwamumva mwanayu?"

"Ndamumva," anatero apongozi aakazi, akupukuta m'maso ndi chitenje.

"Anandibereka kumsana. Wandilimira minda. Tsopano waona kuti ndikuvutika mumtima, akufuna andisenzere ndi manyazi omwe." Anandigwira pamutu. "Dzukani, akamwini. Bodza ndi tchimo, ngakhale bodza lachifundo."

"Bambo, si bodza! Munachotsa! Ndinaona!"

"Inu? Kulowetsa chipolopolo? Munthu woti tsiku limenelo simunkadziwa kutsogolo ndi kumbuyo kwa mfuti?"

"Ndinaonera inu m'mawa!"

Anaseka, kuseka kwawo koyamba m'miyezi yambiri. "Mwaikonza bwino. Nguluwe yofiirira! Koma thumba linali lopanda kanthu, ndinaona ndekha. Musadzanenenso zimenezi."

Ndinatenga khasu ndi sefa ya mchenga n'kupita kuchigwembe kukafuna chipolopolo chija. Masiku atatu ndinakumba. Mvula ya zaka ziwiri inali itadutsamo, ndipo ndinapeza zigoba za nkhono, chidendene cha nsapato ndi supuni. Anthu opita kumadimba anandiona, nafunsa kunyumba, apongozi aakazi n'kuwafotokozera monyadira. Pofika Lamulungu nkhani inali ponseponse: Levison wafika pofuna kudzipachika mlandu kuti apongozi ake apeze mtendere. Mayi wina anandibweretsera nkhuku. A Grey anaimba foni kuchokera ku Lilongwe kuti alamu, anthu ngati inu kulibe. Bambo mfumu, munthu yekhayo amene akadandichitira umboni, anangondiyang'ana pakhomo la tchalitchi n'kupukusa mutu. Za mu kulapa satulutsa.

Tsiku limene ndinabwerako kuchigwembe komaliza, ndinamupeza Feliya akuanika matewera. Sanatembenuke.

"Ine ndakukhulupirirani," anatero.

Ndinamva ngati wandithira madzi ozizira pa tsiku lotentha. Ndinatsala pang'ono kumuthokoza.

"Zaka ziwiri simunayang'anepo mwendo wa bambo. Akapinda buluku mumayang'ana kudenga. Mukamva ndodo zawo zikubwera mumakumbukira ntchito kumunda. Ine ndinkati ndi chisoni." Anafinya thewera mpaka linauma m'manja. "Ndinakugwirani khutu kuseri kwa tchalitchi. Ndinakuuzani chiyani?"

"Munati ndisafune kuoneka."

"Za kuwomberazo mwina ndikadakukhululukirani. Koma munayika dzanja m'thumba la bambo anga akukha magazi. Kenaka munabwera kudzandikwatira ndi dzanja lomwelo."

Madzulo asanafike anali atasamutsa zovala zake ndi za mwana kupita kunyumba ya mayi ake, mapazi makumi awiri kuchokera pakhomo panga. Anakawauza bambo ake kuti nkhani ija ndi yoona. Iwo anamukalipira. Anati ngati watopa ndi banja anene, osati kunamizira munthu wosalakwa.

Ankhoswe akhalapo kawiri. Kawiri konse ndaimirira n'kunena kuti wolakwa ndine, kawiri konse agamula kuti Feliya ndi wosayamika. Kuchitsime azimayi amamunena. Akuti mwamuna wotere n'kumuthawa, ndiye akufuna mngelo? Akuti mwina mphunzitsi uja wayambiranso. Iye amangotunga madzi ake, n'kudutsa pakhomo panga ngati akudutsa pamanda a munthu wosamudziwa.

8

Inu amene mukuwerenga, makamaka amene mumayenda ndi mfuti kuminda, malamulo a apongozi anga ndi oona onse. Ndikudziwa chifukwa ndinawaswa onse m'kanthawi kochepa kuposa kamene mwatenga kuwerenga chiganizo chino. Musalowetse chipolopolo mwini mfuti asakudziwa. Musapatsire munthu mfuti yotseka. Kukamwa kwake kusaloze munthu, ngakhale mukungomupatsira. Chala chikhale kunja. Ndipo mukalakwitsa, nenani pomwepo, mfuti isanachoke m'manja mwanu. Kutukwanidwa kumatha tsiku lomwelo.

Koma sindinalembe kuti ndikuphunzitseni za mfuti. Ndalemba chifukwa ndikufuna munthu wina, ngakhale mmodzi, wosandidziwa, amene sanandionepo ndikuimba kukwaya, awerenge n'kunena kuti munthu uyu ndi woipa. Kwathu kuno ndalephera kumupeza, kupatula mkazi wanga, ndipo iye akulipira chifukwa chonena zoona. Ndinkaganiza kuti chovuta n'kuulula. Sindinadziwe kuti bodza ukalisamalira bwino zaka ziwiri limakula, n'kufika poti silikufunanso iwe kuti liyende.

A Mphepo akadali moyo. M'mawa uliwonse amandipatsa moni ndi manja awiri. Khola amapitabe katatu. Lonjezo wayamba kukwawa, ndipo akafika pa phazi lawo limodzilo n'kugwira buluku, iwo amaitana wina kuti adzamunyamule.

Mwezi watha nguluwe zavutanso, ndipo alimi atatu a m'kalabu mwathu atenga ziphaso za mfuti. Akuluakulu anati pakufunika munthu woti awaphunzitse kanyamulidwe kake asanalowe kutchire. A Mphepo anakana, anati mutu wawo sungadalirike pa nkhani yotere. Koma anatchula dzina la munthu amene anaona ndi maso ake zimene kuiwala kumachita, munthu wosamala, wosanama pokhapokha pofuna kuthandiza mnzake. Onse anavomera.

Msonkhanowo uliko Loweruka likubwerali, pansi pa mtengo wa mango wa pasukulu. A Mphepo akuti adzakhala kutsogolo, buluku atapinda, kuti ndiziwaloza pophunzitsa.

Ndidzaimirira, ndipo ndidzanena zonse monga ndakuuzirani inu, kuyambira pa nguluwe mpaka pa thumba. Ndikudziwa kale kuti adzawomba m'manja.